Pepala la pa Botolo

Ine pepala sinditaya. Nditagula mankhwala ophera mbozi, ndinamatula pepala la pa botolo n'kulisunga mu fayilo, pamodzi ndi makadi a sikelo a ana. Alamu anga, Che Yusufu a ku Chowe, anabwereka botololo. Posowa malangizo, anasungunula mongoyerekeza n'kupopera tomato tsiku lonse.

Tinafika nawo kuchipatala malovu ali chuchuchu, timwana ta maso titachepa ngati nsonga ya singano.

Adokotala anandiuza kuti, "Bambo, pali mitsempha yomwe imalamula malovu kutuluka ndi mtima kugunda pang'onopang'ono. Poizoni wina amachititsa uthenga wa mitsemphayo kugogoda osaleka pa tizitseko toulandira. Jekeseni wa atropini amatseka tizitsekoto. Koma anapopera mankhwala anji?"

Dzina lake linali mu fayilo kunyumba. Ndinakweza mawu: "Ogulitsa a masiku ano! Botolo lopanda pepala!"

Adokotala anawayang'ananso m'maso n'kuwabaya jekeseniyo, ndipo Che Yusufu anachira.

Mpaka lero tikamadutsa pa sitolo yomwe ndinagulako mankhwalawo, Che Yusufu amalavula pansi. "Alamu, anthu awa akanandipha."

Ine ndimangoti, "Eetu." Mwini sitoloyo amandipatsabe moni mwaulemu.