A Jailos ndi Giza ya ku Milanje

A Jailos Nakhuwo anabadwira pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Muloza, m'nyumba za antchito zoyang'ana kuphiri. Makolo awo anali othyola tiyi ochokera kutsidya kwa malire, ndipo pakhomo ankayankhula Chilomwe. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anawatumiza kwa amalume awo ku Milanje, kutsidya komweko, komwe anakhala zaka zinayi akusesa m'galaja ya Mpwitikizi wina. Anabwerako akudziwa Chipwitikizi chokwanira kuwerenga zolembedwa pa makina. Anabweranso ndi chipsera padzanja lamanzere, pomwe waya wamoto anawaluma tsiku lina atamugwira ndi manja onyowa.

Atalembedwa ntchito ku wekishopu ya pa esiteti anaphunzira za mapaipi ndi magetsi, ndipo pofika zaka makumi anayi panalibe wowaposa dera lonselo. Koma anali munthu wochedwa. Ntchito ya ola limodzi inkawatengera tsiku lathunthu. Asanakhudze waya ankazimitsa swichi yaikulu, kuzula fyuzi, kuiika m'thumba la malaya, kenako n'kubwereranso kukaona ngati swichi ija sinadziyatse yokha. Kawiri konse akazi awo, a Millie, anapeza fyuzi ya ku fakitale pochapa zovala kumtsinje, uku fakitale itaima m'mawa wonse mabwana akufunafuna chavuta.

Mu 1975 Apwitikizi ankachoka ku Milanje, akugulitsa katundu wawo mwachangu. A Winston Muhiwa, kalaliki wakale wa pa esiteti amene ankamanga nyumba yogona alendo m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, anagulako giza ya mu hotela. Inali yoyera, yaitali kuposa munthu, ndipo inkatenthetsa madzi m'njira ziwiri: ndi magetsi, koma magetsi akathima inali ndi mbaula ya gasi kunsi kwake. Amuna khumi anainyamula pa mitengo kuchokera pa malire, itakutidwa ndi nsalu. Amayi ena panjira anatula mitolo yawo n'kugwada, poyesa kuti kwamwalira munthu wamkulu.

Lachitatu m'mawa a Winston anaitana a Jailos.

"Achimwene, Loweruka tikutsegulira nyumbayi. Kubwera mlendo wolemekezeka wochokera ku boma. Ndikufuna adzasambe m'manja ndi madzi otentha a pa mpopi."

A Jailos anatenga kabuku ka Chipwitikizi kamene kanabwera ndi giza ija, anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuwerenga mpaka dzuwa kupendeka. Atadzuka anayamba kulamula. Mabotolo a gasi sangakhale m'khitchini pafupi ndi moto. Amangiridwe kanyumba panja, kolowa mphepo. Denga liboledwe, padutse chumuni chotulutsa utsi, apo ayi alendo adzagona osadzukanso. Giza ikhale ndi swichi yakeyake, kutali ndi madzi, ndipo wina asaiyatse isanadzaze madzi.

"Denga ndangofolera kumene," anadandaula a Winston.

"Ndiye kuti malata ake akadali ofewa," anatero a Jailos.

Lachinayi analumikiza mapaipi a gasi. Atamanga zonse anasungunula sopo m'ndowa, n'kuyamba kupaka thovu paliponse pamene paipi inakumana ndi inzake. Akapaka ankakhala pansi n'kumalipenyetsetsa thovulo, chifukwa likatukumuka ndiye kuti gasi akuthawira pamenepo. Anthu anadzaza pabwalo kudzaonerera bambo wamkulu akusambitsa mapaipi. A Anesi, amene analembedwa kuti aziphikira alendo, anatopa nazo.

"Bambo, si mungoyatsa machesi n'kuyendetsa pamenepo? Pomwe pakutuluka paoneka msanga."

A Jailos anatenga chipewa chawo n'kuzungulira nacho bwalo lonse, kulanda machesi kwa aliyense. Anafika mpaka pamsewu, kuimitsa apanjinga. Mwa olandidwawo munali a Bonface, tcheyamani wa chipani m'deralo, amene anabwera kudzaona momwe zokonzekera zikuyendera. Anali atangoika ndudu pakamwa pamene a Jailos anaizula n'kuiponya m'ndowa ya sopo.

"Mukundidziwa ine?" anafunsa a Bonface.

"Ndikukudziwani, a Tcheyamani. Gasi ndiye sakukudziwani."

Anthu anaseka, ndipo a Bonface anaona bwinobwino amene anaseka.

Lachisanu inali ntchito ya ethi, waya wobiriwira amene amatenga magetsi osochera n'kuwapititsa m'nthaka kuti asadutse mwa munthu. A Jailos anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, anakhomamo ndodo ya mkuwa, anathiramo makala ndi mchere, n'kuthirapo madzi kuti nthaka izigwira bwino. Anagwada pamenepo akumangirira waya ku ndodoyo, kabuku kali pambali, akuwerenga chapansipansi monga mwa chizolowezi chawo.

A Bonface anali ataima kuseri kwa nthochi. Anaona munthu atagwada choyang'ana ku malire, akunong'oneza Chipwitikizi m'dzenje momwe munalowa waya. Masiku amenewo nkhani za kutsidya sizinali zoseweretsa. Anayenda motsatira wayayo mpaka pa giza, ndipo pamenepo anapeza kachitsulo kofiira kolembedwa zilembo zikuluzikulu: PERIGO.

"Perigo ndi ndani?" anafunsa.

"Ndi ngozi, a Tcheyamani."

"Mukundiopseza?"

"Ayi, ndikuti ndi ngozi basi. Mukagwira pamenepo mufa."

Pasanathe ola limodzi a Jailos anali pa polisi ya pafupi, waya uja asanamumangirire ku giza. A Bonface anazula okha ndodo ya mkuwa n'kupita nayo ngati umboni. Sajeni Makawa, munthu wofatsa wa ndevu za imvi amene ankawadziwa a Jailos kuyambira kale, analemba zonse m'buku akupukusa mutu: ndodo imodzi yolankhulira ndi akunja, kabuku kamodzi ka chinenero chachilendo, ndi kanthu kamodzi kadothi kopezeka m'thumba la malaya. Kanthuko kanali fyuzi ya giza.

A Millie atabwera ndi chinangwa chophika, anapeza amuna awo atagwira zitsulo za chitseko cha chitolokosi, maso ali ofiira.

"Akumenyani, bambo a Joice?"

"Sanandimenye. Thamangani mukawauze a Winston kuti asayatse. Giza ija anthu khumi aigwedeza kuchokera pa malire, ine sindinaiyeze m'kati. Asayatse!"

A Millie anakanena. Koma a Winston anayang'ana mbuzi ziwiri zimene zinali zitaphedwa kale, n'kuyang'ananso malo opanda kanthu pomwe pankayenera kukhala fyuzi. Anali munthu wa cholembera, sanagwirepo sipanala chibadwire. Anatola msomali, anaupinda, anaukankhira pamenepo, n'kuyatsa. Giza inayamba kung'ung'udza ndipo madzi anafunda. A Winston anauza a Anesi kuti amisiri amangokonda kukuza zinthu.

Loweruka masana mlendo wolemekezeka anafika pa galimoto yakuda. Amayi anavina, ng'oma zinalira, a Bonface anayankhula mpaka mawu kusasa. Itakwana nthawi ya chakudya, a Winston anatsogolera mlendoyo ku mpopi wa pakhonde. Mlendo anapinda malaya, anagwira mpopi, ndipo pomwepo phewa lake linadumpha, mwendo unaponda kawiri, pakamwa panatuluka mfuu yaifupi. Amayi ataona bwana wayamba kudzithyola, anaimba nthungululu, oimba ng'oma n'kuwonjezera moto. Bwanayo anasiya mpopi akupukusa dzanja.

"Chandiluma!"

"Sizingatheke, bwana," anatero a Bonface, n'kugwira mpopiwo ndi manja onse awiri kuti aonetse. Anadumpha kuposa mlendo uja, nsapato imodzi n'kugwera m'maluwa. Atapeza mpweya anakuwa kuti: "Mwaona! Perigo wayankha!"

Mlendoyo anali mphunzitsi asanalowe ndale, ndipo sanafulumire kukhulupirira. Anafunsa amene analumikiza makinawo. Atamva kuti ali m'chitolokosi, analamula kuti abwere naye.

Sajeni Makawa anafika ndi a Jailos atawamanga unyolo. A Jailos sanapereke moni kwa aliyense. Anaima pageti n'kunena kuti salowa mpaka wina azimitse swichi yaikulu, ndiponso sangagwire waya atavala zitsulo m'manja. Unyolo unamasulidwa. Kenako anauza anthu onse, ndi mlendo yemwe, kuti akaime kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Mlendoyo anamvera, anthu n'kumutsatira atanyamula mipando.

Atatsegula bokosi la fyuzi anapeza msomali uja utada ndi kutentha. Anauzula, anapita nawo pamaso pa a Winston, n'kuwaonetsa. A Winston anayang'ana pansi.

"Ndikufuna ndodo yanga ndi fyuzi yanga," anatero a Jailos.

Sajeni Makawa anafotokoza mwaulemu kuti zimenezo ndi umboni, sizingatuluke popanda kalata. Mlendo analemba kalata pa bondo. Sajeni anapalasa njinga n'kubwera nazo, ndodo ija ili ndi kapepala kolendewera. Mchere wa m'dzenje unali utamwazika pozula paja, choncho a Jailos analowa m'khitchini n'kutenga wonse umene a Anesi anasungira patebulo la alendo.

Anakhoma ndodo, anamangirira waya wobiriwira ku giza, kenako anatsegula kunsi. Monga ankaopera, chitsulo chotenthetsera madzi chinali chitang'aluka paulendo uja, ndipo magetsi ankadutsira m'madzi mpaka ku mpopi. Anamasula mawaya a mbali imeneyo, anawakulunga bwinobwino, n'kunena kuti kufikira chitsulo china chitapezeka, giza iziyendera gasi yekha. Anthu anapuma poganiza kuti zatha. Koma a Jailos anapempha ndowa ndi sopo, n'kuyambiranso kupaka thovu paipi iliyonse, chifukwa sankadziwa amene anaigwira iwo kulibe. Nyama inazizira. Amayi ovina anakhala pansi n'kuvula mipango. Mlendo anatumiza dalaivala wake kukagula nthochi pamsewu.

Cha m'ma folo koloko a Jailos anayatsa mbaula ija. Lawi linatuluka labuluu, lokhazikika. Anatuluka panja kukaona ngati chumuni chikukoka, anadikira madzi kutentha, anagwira mpopi ndi kuseri kwa dzanja, kenako anaitana mlendo.

Bwanayo anasamba m'manja mosamala, ngati akusisita galu wa eni. Atapukuta anafunsa: "Nanga Perigo ameneyu ndi ndani?"

"Ndi mawu a Chipwitikizi, bwana. Amatanthauza ngozi. Amalemba kuti anthu asagwire."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Analemba kuti ndaopseza a Tcheyamani."

Mlendo anaseka mpaka kutsokomola, anadya nyama yozizira yopanda mchere, anawagwira chanza a Jailos, n'kukwera galimoto yake. Fumbi litangotha, Sajeni Makawa anatulutsa unyolo uja.

"Pepani, akulu. Kalata ija yamasula ndodo ndi fyuzi. Za inu sinanene."

A Jailos anaiwerenga okha kalatayo, anavomera kuti n'zoona, n'kupereka manja. Anakhalamo masiku asanu ndi anayi, podikira kuti mlendo uja apezeke alembe ina. Sanakhale chabe. Tsiku lachiwiri anaona kuti waya wa babu la mu ofesi ya apolisi wangopachikidwa pa msomali, ali wosendeka. Anadandaula mpaka Sajeni anawatsegulira, ndipo pomwe kalata inkafika anali atakonza polisi yonse ndi nyumba zitatu za apolisi. Madzulo aliwonse ankabwerera okha m'chitolokosi, n'kukumbutsa wapolisi kuti akhome.

Atatuluka, a Winston anabwera kunyumba ndi tambala kudzapepesa. A Millie analandira tambalayo, koma a Jailos anawakhazika a Winston pa mpando kuyambira m'mawa mpaka masana, kuwaphunzitsa ntchito ya fyuzi. A Bonface sanapepese. Kungoti kuyambira pamenepo akafuna kusamba m'manja pa nyumba ya alendo ija, ankapempha madzi a m'beseni.

A Jailos anapuma ntchito mu 1984 n'kuyamba kulima nanazi kumunda wa akazi awo. Anthu ankawatumirabe uthenga kuchokera kutali, ngakhale ku Likhubula, ndipo ankapita pa njinga ndi chikwama chawo cha zitsulo. Mabwana a pa esiteti, pofuna kuwathokoza, anati awakokere magetsi mpaka kunyumba kwawo, poti mapolo ankadutsa pafupi. A Millie ndi mwana wawo Joice anasangalala, mpaka anasankha pomwe padzakhale babu. A Jailos anapempha sabata kuti aganize. Itatha anapita ku ofesi atavala jekete n'kukana.

"Ndikalumikiza ndekha, adzayendere ntchito yangayo ndani? Akalumikiza wina, ine m'nyumbamo sindigona."

A Millie sanawayankhule masiku atatu. A Jailos anamwalira mu 1991, m'nyumba younikira ndi nyali ya koloboyi.