Fauna wa a Zakariya

Dzulo mdzukulu wanga amaloweza za kusikola pakhonde. Nditamva akuti "fauna bravia," ndinaleka kusankha nyemba. Dzinalo ndikulidziwa.

Nthawi ya nkhondo ku Chidzolomondo kunali a Zakariya, fisikale woyang'anira nkhalango. Mfuti analibe, chawo chinali chipewa chonunkha thukuta ndi fodya. Ankabwera kusikola kudzatiletsa misampha ndi moto wosakira mbewa. "Fauna bravia ali m'thengomu," ankatero. "Nkhondoyi ikumuzunza ngati inu nomwe. Ine ntchito yanga n'kumusamala."

Chipwitikizi sindinkachidziwa. Ine ndinamva kuti kuli mkazi, Fauna, amene anamubisa kuthengo monga ankabisalira anthu masiku amenewo. Tsiku limene a Zakariya anawalanda bambo mawaya otchera agwape, ndinapita kwa akazi a fisikaleyo. Ndinawapeza akusinja.

"Amayi, Fauna mumamudziwa?"

"Fauna wa kwa yani?"

"Wa amuna anu. Akuti amamusamala kuthengo."

Anaimika munsi. "Ngwooneka bwanji?"

"Ngwonenepa," ndinatero. Apa ndiye ndinawonjezera zanga.

A Zakariya anakadyera kwa mlongo wawo sabata yathunthu, mpaka aprofesori, aphunzitsi athu, anapita ndi buku kwa akazi awo kukamasulira kuti Fauna ndi agwape ndi nguluwe. Bambo anandikalipira nkhope atayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Mwina aprofesoriwo ankanena zoona. Koma anali anzawo a pabawo a Zakariya, ndipo mwamuna wopita kuthengo tsiku ndi tsiku osabwerako ndi ndiwo, ine mpaka lero ndimamuyang'anitsitsa.