Khanda Lobwereka la Apongozi Anga

Mimba yanga yoyamba inandipeza ndikuthyola tiyi ku Honde, dera la Amanyika la kumalire ndi Mozambique, chaka chimene m'mashopu munatsala mashelefu okhaokha. Amuna anga anali atawolokera ku Mozambique kukasaka ganyu, ndiye pakomboni ndinatsala ndi apongozi anga, mayi wamfupi, wolongolola, amene makolo awo anachokera ku Mulanje.

Anzanga akaima ankasangalala, koma ine ndinagwidwa mantha. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo azakhali amene ananditenga ku Chipinge anandilera ndi lamba. Mbale ikasweka, lamba. Ndikalira, lamba wina woti nditonthole. Mwana atayamba kugunda m'mimba, zonsezo zinandibwerera. Ndinkayang'ana manja anga ali m'masamba a tiyi n'kumaganiza kuti nawonso adzamenya, poti china sanaphunzire. Chakudya chinasiya kundikoma, ndipo Lamlungu ndinkangogona choyang'ana kukhoma.

Kusikelo kunalibe ngakhale mapiritsi owonjezera magazi. Kunatsala nesi mmodzi wachikulire. Ataona kuti thupi likutsika m'malo mokwera, anandifunsa m'Chishona kuti ndinakula ndi yani. Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Ndinalira mpaka amayi a pamzere anayamba kusuzumira. Nesiyo anaitana apongozi n'kuwauza kuti, "Mtima wa mwana wanuyu wayamba kulemera. Tisadikire kuti adwale nawo. Asamakhale yekha, ndipo akayamba kuyankhula mumumvetsere."

Mawa lake nditaweruka kumunda ndinawapeza atanyamula khanda la mayi woyandikana nafe, kamnyamata ka miyezi iwiri, beseni la madzi ofunda lili pakhonde.

"Muroora," ankanditchula choncho monga Amanyika aitanira mkazi wa mwana wawo, "msana ukundipweteka lero. Tamusambitsani uyu."

"Amayi, ndimugwetsa."

"Simumugwetsa. Dzanja ili pansi pa khosi, linalo pamatako. Ine ndili pompano."

Ndinamulandira. Ndisanamuviike n'komwe, anandikodzera pachifuwa. Apongozi anaseka mpaka kugwira khoma, ine n'kupezeka kuti ndikuseka nawo. Kuyambira tsiku limenelo khandalo linkabwera madzulo alionse, mayi ake akapita kotunga madzi.

Tsiku lina linalira osatonthola. Ndinamva mkwiyo ukubwera, womwe uja ndinkauona pankhope ya azakhali. Ndinaligoneka pamphasa, n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Apongozi ananditsatira khanda lili kumsana.

"Mwaona, amayi? Ndili ngati iwo aja."

"Mwamumenya?"

"Ayi."

"Mwamuika pansi bwinobwino, mwatuluka kudzapuma. Ine ndalera asanu, mukuganiza kuseri kuno sindikudziwa? Khalani pansi, tisende madhumbe."

Tikusenda madhumbewo, mizu yodya yonga mbatata, ndinawauza zonse za ku Chipinge, ngakhale zimene amuna anga sankazidziwa. Sanandidule mawu, sananenenso kuti ndiiwale. Pomaliza anangoti, "Munali mwana. Simunalakwe kanthu." Lachinayi lotsatira anandikokera ku msonkhano wa amayi a mpingo, komwe ndinapeza ena awiri oyembekezera amene anakulanso movutika. Tinayamba kuyendera limodzi kusikelo, ndipo wina akajomba kumunda enafe tinkakamuona.

Masiku olemera sanatheretu, koma sanandigwetse. Ndinabereka mwana wamkazi mvula itangoyamba. Patapita milungu iwiri amuna anga anatulukira ndi shuga pang'ono ndi chitenje chimodzi chofiira, choberekera mwana. Apongozi anachitambasula, kuchiyang'ana uku ndi uku, n'kuchimanga m'chiuno mwawo.

"Ichi n'changa," anatero. "Mimba imeneyi tinanyamula awiri. Cha mkazi wako ukagulenso."