Kawaya ka laputopu kanandichotsa pa chikamwini

Ndinanamizira mkazi wanga mlandu umene sanapalamule, ndinanyoza mudzi umene ndinakwatirako, ndipo zonsezo ndinachita chifukwa cha sikirini ya laputopu. Manyazi ake ndinawameza kale, ndiye ndilankhula mosabisa. Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene tili ndi timakina m'nyumbamu, tcherani khutu, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Domasi, ndipo ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi la eni ake. Nditayamba maphunziro owonjezera, aja ophunzira uli pakhomo, ndinakagula laputopu yatsopano ku Blantyre. Ndinkaiteteza kwa wina aliyense kupatula kwa ine mwini. Ndinkaitsegula ndi chala chimodzi pakona ya kumanzere, dzanja linali lili pa kapu ya tiyi. Popita kusukulu ndinkaimangirira ndi mphira pa kaliyala wa njinga, n'kumadumpha nayo mabampu onse a msewu wathu wafumbi.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo, sikirini inayamba kuphethira. Kenako panabwera mizere yobiriwira yotsika kuchokera pamwamba. Ndikakankhira chivundikiro kumbuyo pang'ono, mizereyo inkatha. Ndiye ndinapeza nzeru yanga yauphunzitsi: ndinkatsamiritsa chivundikirocho ku mulu wa makope a ana asukulu, n'kumalemba ntchito yanga. Sindinauze munthu. Ndinkati zidzatha zokha ngati chimfine.

Loweruka lina m'nyengo yokolola mpunga ndinapita ku Songani kukameta. Mkazi wanga anakonza m'nyumba monga amachitira sabata iliyonse. Ataona fumbi pa laputopu, anaipukuta pamwamba ndi kansalu konyowa pang'ono, anaitseka bwinobwino, makope aja n'kuwasanja pashelefu. Nditabwera n'kuitsegula, sikirini inangoti mbee, popanda chilembo n'chimodzi chomwe. Lolemba ndinkayenera kutumiza ntchito ya maphunziro anga. Nditamufunsa, anayankha mosabisa kuti wapukuta.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Panja panali apongozi anga ndi amayi ena atatu akupeta mpunga. Kwathu kuno mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatuka, koma ine ndinatulukira pamaso pawo laputopu ili m'manja, mawu ali pamwamba.

"Mwaithira madzi! Mukuyesa ndi mbale imeneyi? Vuto la pamudzi pano n'loti palibe anapita kusukulu, chilichonse mumangochiona ngati lichero!"

Malichero onse anaima. Mkazi wanga sanalire. Anangoti, "Ndamva, bambo a Chisomo," n'kulowa kukhitchini. Ine ndinabwerera m'nyumba ndikudzimva kuti ndalankhula zoona.

Mawa lake titaweruka ku tchalitchi kunabwera atsibweni a mkazi wanga, omwe ndiwo eni mbumba. Ndi bambo osakweza mawu. Anakana mpando, anaima pakhonde.

"Aphunzitsi, poti pano ndi pa anthu osaphunzira, kayambeni mwapuma kwanu. Tikakufunani tidzatuma ankhoswe."

Ndinanyamula chikwama ndi laputopu yanga, n'kukafikira kwa mchemwali wanga ku Naisi. Ngakhale pamenepo mtima wanga unali udakali gwa. Ndinkati ndikapeza wokonza wondiuza kuti ndi madzi, ndidzabwerera ndi umboni, ndipo opepesa adzakhala iwowo.

Ndinayamba ndi kuimbira ku shopu kumene ndinagula. Anandifunsa tsiku la pa risiti, n'kundiuza mwaulemu kuti walanti, nthawi ija yokonzeredwa ulere, inatha kale. Chimene akanachita n'kuitanitsa sikirini yonse kuchokera kunja, ndidikire masabata angapo, apo ayi ndigule ina. Wokonza mafoni wina wa m'mbali mwa msewu anangoiyang'ana n'kunena kuti ndi vayirasi, aifufute zonse ayambirenso. Nzeru yokha imene ndinaonetsa sabata imeneyo inali kukana, chifukwa ntchito yanga ya chaka chathunthu inali momwemo. Wachitatu anati ndimugulitse aphwasule, azigulitsa zipangizo. Pomaliza mchemwali wanga anandilozera kwa mayi wina wokonza makompyuta m'tauni ya Zomba.

Ndinafika m'kashopu kake n'kuyamba ndi nkhani ya mkazi wanga ndi madzi. Mayiyo anatenga waya n'kulumikiza laputopu ku TV imene inali pakhoma, ndipo zonse zinaoneka bwinobwino, ntchito yanga ili pomwe ndinaisiya. "Makinawa ali moyo," anatero. Kenako anayamba kuyendetsa chivundikiro pang'onopang'ono. Pamalo ena chithunzi chinkabwera, akasuntha chinkathawa. Anamasula timasikuluwu, anachotsa pulasitiki ya pahinje, pamene chivundikiro chimapindikira, n'kundiitana kuti ndione. Pamenepo pamadutsa kawaya kakuda kotengera chithunzi ku sikirini. Kanali kataperepeseka mpaka tizingwe ta m'kati kuonekera.

Anandipempha ndimuonetse mmene ndimatsegulira. Ndinaika chala changa pakona ya kumanzere monga mwa masiku onse.

"Basi, wolakwa ndi ameneyo. Kawayaka kamapindika nthawi iliyonse mukatsegula, ndiye inu mumakakoka mokhotetsa. Kakhala kakutha kwa miyezi. Madzi akanalowa tikanaona madontho kapena dzimbiri, koma taonani nokha, m'mouma. Ndiye paja mwati akazi anu anatani?"

Ndinangopempha mayiyo kuti akonze. Anapeza kawaya kena mu laputopu yakufa ya mtundu womwewo, anaikamo, ndipo ola lisanakwane sikirini inali kuwala ngati yatsopano. Mtengo wake sunayandikire n'komwe wa sikirini ija ndikanaitanitsa. Ndinapempha kawaya kakuthako ndikatenge.

M'minibasi pobwerera sindinakondwe. Ndinachita manyazi aakulu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita mantha kuti banja langa latha. Ndinatsikira kwa nkhoswe yanga, yemwe ndi mkulu wanga, n'kumufotokozera zonse. Anaseka mpaka misozi, kenako anandikalipira kuposa mmene bambo athu ankachitira. Anayenda maulendo atatu kuchikamwini kuja eni ake asanavomere kutilandira. Ntchito ya kusukulu ndinatumiza mochedwa, koma imeneyo sinkandisowetsanso mtendere.

Tsiku la nkhani ndinapempha chinthu chimodzi, kuti amayi atatu aja aitanidwenso. Ndinanyoza pagulu, sindikanapepesa kuseri. Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku yopepesera ili pambali yomangidwa miyendo. Ndinatulutsa kawaya kaja n'kukaika pakati. Ndinafotokoza kuti laputopu ndinaiwononga ndine ndi chala changa, kuti inayamba kudwala kalekale ine n'kubisa, ndipo kuti mkazi wanga sanalakwe kanthu. Ndinapepesa apongozi, ndinapepesa atsibweni, ndinapepesa amayi aja. Atsibweni anagwedeza mutu, ankhoswe anayamba kuomba m'manja, ine n'kumati zatha.

Mkazi wanga anali asanalankhule. Anatola kawaya kaja, anakayang'ana, n'kukabwezera pamphasa.

"Ndamva kuti si madzi. Koma ndifunse nawo, bambo a Chisomo. Akanakhala kuti ndi madzidi, ndiye kuti amayi angawa akanakhaladi mbuli? Mukanabwera kudzapepesa?"

Ine amene ndimayankha mafunso a ana tsiku lonse, yankho loona la funso ili ndinkalidziwa: sindikanabwera. Ndinavomera pamaso pa onse kuti sindikanabwera, ndipo kuti kulakwa kwanga kwenikweni kunali kumeneko. Atamva zimenezo m'pamene mkazi wanga anati ndibwerere kunyumba. Tili limodzi mpaka lero, koma zinatenga miyezi kuti azisekanso nane momasuka.

Tsono inu owerenga, za makinazo ndikuuzani molimba mtima chifukwa ndinaziphunzira mowawa. Sikirini ikayamba kuphethira, kapena ikamasintha mukasuntha chivundikiro, kayikirani kawaya ka pahinje ndipo pitani nayo msanga, osaitsamiritsa ku makope ngati ine. Ilumikizeni ku TV. Chithunzi chikaoneka, makinawo ali moyo. Walanti ikatha si ndiye kuti laputopu yafa. Funsani okonza awiri kapena atatu, musalole wina kufufuta zinthu zanu asanatsegule n'kuona, ndipo ntchito yanu muziisunganso pa fulashi. Potsegula gwirani pakati, dzanja lina litagwira pansi.

Koma chachikulu si chimenecho. Chinthu chikawonongeka m'nyumba, tsekani pakamwa kufikira mtima utazizira, ndipo ngakhale wina atalakwadi, dzudzulani cholakwacho osati mtundu wake. Kawaya kanapezeka kena ola lisanathe, koma mawu amene ndinalankhula pamaso pa apongozi palibe shopu imene ikanandisinthira. Ngati alipo amene munamunyoza chifukwa cha katundu, pitani lero mukapepese, musanadziwe n'komwe amene anawononga.