Mlendo wa ku Wanki pa Maliro a Agogo

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa ndinagona pa benchi ya tchalitchi panja. Kunkazizira monga kumachitira mu Juni. Moto wa amuna unali utatsala makala okhaokha, ndipo m'nyumba amayi a kwaya ankakokabe nyimbo ndi mawu osasa. Tsikulo tinkaika agogo aamuna, bambo a bambo anga, amene anamwalira atakalamba zedi m'nyumba mwawo ku Kawale. Maliro a munthu wokhuta masiku sakhala ndi misozi yambiri, ndipo ife zidzukulu tinali titapangana kale zowaseka.

Koma panali nkhani ya mlendo. Dzulo lake madzulo kunafika mayi wina ndi chikwama chimodzi, wochokera ku Zimbabwe, Chichewa chake chothyokathyoka. Anati ndi mwana wa akulu awo a agogo, aja anapita ku mgodi wa malasha ku Wanki ali mnyamata n'kutchona. Bambo akewo pomwalira anangomusiyira dzina la mudzi wa ku Dedza. Iye analondola mpaka ku mishoni, kumene wansembe wina wokalamba wa ku Ireland anamutsegulira buku la ubatizo n'kumupezera mayina a anyamata awiri a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi. Akuti wansembeyo anaseka, nati kwawonso matchona ndi ambiri, ndipo zidzukulu zawo zimavutitsa ansembe chimodzimodzi. Anthu a kumudziko anamulozera ku Kawale, koma atafika anapeza masamba a maliro ali kale pamsewu.

Azakhali, mwana woyamba wa agogo, sanafune kumva n'komwe. Anati mayina aliyense angathe kukopera, ndipo akamwalira munthu wa nyumba ya malata abale amamera ngati bowa. Analamula kuti mlendoyo akhale panja ndi anthu a m'dera, m'nyumba ya anamfedwa asalowe, ndipo pa nthawi ya nkhata asaitanidwe. Ine zinandiwawa, munthu kuchokera kutali konseko n'kudzabwerera wopanda m'bale. Koma kutsutsa azakhali n'kudziputira mavu.

Kutacha, moto unayaka kuseri kwa nyumba. Tiyi ankabwera m'ndowa, nyemba zikuwira mu dilamu lodula pakati. Anthu anayamba kufika, ena wapansi kuchokera ku Biwi, ena pa njinga kuchokera ku Area 23, ndipo lole ya kumudzi inafika anthu ake ali mbuu ndi fumbi. Mlendo uja ndinamuona atakhala pa njerwa pakati pa amayi oyandikana nafe, akudula kabichi.

Dzuwa litayamba kutentha, msuweni wanga, mwana wamkazi wa azakhali omwewo, anatulukira atavala jekete la agogo, chipewa chawo ndi nsapato zawo zazikulu. Kwathu umo ndi mmene timatsanzikira nkhalamba. Anayenda mokoka mwendo, akuloza anthu ndi ndodo, akukalipa kuti shuga wakwera chifukwa cha matipate, maphwando a tiyi aja. Analanda kapu ya tiyi kwa mkulu wa mpingo n'kunena kuti pakhomo pawo mlendo samwa makapu awiri. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ngakhale amene ankalira m'nyumba.

Kenaka anafika pa mluzu. Agogo anali ndi chizolowezi choima pakhonde m'mawa uliwonse, kuphatikiza zikhatho pakamwa, n'kuliza mluzu wokwerakwera umene unkaduka mwadzidzidzi. Akatero ankapendeketsa mutu ngati akumvetsera. Ife tinkati mpweya wawathera. Msuweni anatsanzira ndendende, mutu n'kupendeketsa, ife n'kuyambanso kuseka.

Ndiye kuchokera kumene ankadula kabichi kunamveka mluzu wina. Unayambira pomwe wa agogo unkadukira, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kutha bwinobwino ngati nyimbo. Anali mlendo uja, mpeni atauika pansi, zikhatho zili pakamwa. Amayi ena anagwira pakamwa, poti kupatula pa nthabwala ngati ya msuweni ija, mkazi saliza mluzu, nanji pamaliro.

Azakhali anatuluka m'nyumba opanda nsapato. "Waliza ndani?"

Mlendoyo anaimirira mwamantha. "Ndine, amayi. Pepani. Baba ankaliza m'mawa uliwonse. Ankati akuyankha mng'ono wawo kubusa."

Azakhali anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anati ali mwana anafunsapo chifukwa chake mluzuwo unkathera panjira, ndipo agogo anawayankha kuti mbali yotsalayo ndi ya munthu wina, anapita nayo ku Wanki. Analira kwambiri kuposa mmene analilira usiku wonse. Atatha anapukuta maso n'kutembenukira ife mokalipa, akufunsa kuti ndani wopanda ulemu amene anasiya mng'ono wawo akudula kabichi pamphepo. Tinangoyang'anana, palibe anayerekeza kuwakumbutsa.

Masana tinanyamuka, mtanda patsogolo, kwaya pambuyo pa bokosi, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala a m'msewu. Ogulitsa pamsika anaimirira, amuna n'kuvula zipewa. Kumanda adzukulu okumba manda anali atatha kale ntchito yawo. Ataitana ana a malemu kuti aike nkhata, azakhali anamugwira mlendo uja padzanja n'kupita naye, nkhata imodzi atagwira awiri. Ndinasangalala mpaka ndinaiwala kuti ndili kumanda.

Madzulo mabenchi anabwerera ku tchalitchi, lole inapita, pabwalo panatsala phulusa ndi mafuwa. M'nyumba munali zii, tinatsala apachibale okha titakhala pamphasa mozungulira nyali. Mayi wa ku Zimbabwe uja anafunsa motsitsa mawu ngati kuli basi ya m'mawa, kuti asatilemetse. Azakhali sanamuyang'ane n'komwe.

"Basi ya chiyani? Mawa n'kusesa. Tsache lili kuseri kwa chitseko, ndipo mudzuke msanga. Alendo onse apita kale."

"Chabwino, achemwali," anatero iye, n'kuyamba kuvula nsapato.