Mmene Ndinanenerera Zilembo za Chijapani

Zaka zimene maminibasi anayamba kudzaza misewu ya Blantyre, zipani zitachuluka ndipo aliyense akuyesa geni yake, ine ndinkagulitsa masipeya a galimoto mumsika wa Ndirande. Shedi sinali yanga. Inali ya alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ndipo anandilemba ntchito chifukwa cha pakamwa basi. Sipanala ndinkangoidziwa maonekedwe. Ntchito yanga inali kunenerera. Munthu akabwera ndi sitata yakufa m'jumbo, ndinkayamba ndamuyang'ana nsapato, kenako n'kutchula mtengo. Akabwera wogulitsa, katundu wake ndinkamuyang'ana ngati akununkha. Zimenezo ndinkazitha, ndipo ndinkaganiza kuti zidzandidyetsa mpaka imvi.

Kenako katundu anasintha. Alamu anagwirizana ndi anzawo n'kuyamba kuitanitsa kontena ya zida zakale za ku Japan: injini, magiya bokosi, magalasi, mapampu, zonse zothira m'makatoni. Chida chilichonse chinkabwera ndi kapepala komangirira ndi waya, kapena chitalembedwa ndi choko cha mafuta, m'zilembo zimene ife tinkati ndi mapazi a nkhuku. Kasitomala akafunsa, ndinkayendetsa chala pakapepalapo mwaulemu wonse.

"Apa alemba kuti n'chatsopano, changoyenda pang'ono."

Ndinawerenga choncho kwa miyezi, mpaka madalaivala anayamba kubweza katundu. Wina tinamupatsa chakumbuyo akufuna chakutsogolo, wina pampu ya galimoto ina. Tsiku lina titatseka, alamu anakhala pa injini n'kundiuza kuti ndikhale pa inzake.

"Alamu, pakamwa aliyense mu Ndirande muno ali napo. Ine ndikusowa maso. Paja mumati mumawerenga?"

"Pang'ono pang'ono."

"Kontena ina ifika pakatha miyezi itatu. Mukandisankhira katunduyo powerenga timapepalato, malo ndi anu. Mukalephera ndiitana mphwanga wa ku Bangwe uja anaphunzira umakaniko. Iye sawerenga, koma manja ake amazindikira chitsulo. Anthu awiri shedi ino singawadyetse."

Sanakweze mawu. Alamu akalankhula motsitsa choncho ndiye kuti aganiza kale.

Mwayi unabwera panjinga yamoto. Kunali Mjapani wina, bambo wochepa thupi wa magalasi, amene ankaphunzitsa umakaniko pasukulu ina ya ntchito zamanja. Anabwera kudzafuna pulagi. Ndinatchula mtengo wa azungu, ndikudikira kuti tiyambe kukokana, iye n'kungotulutsa ndalama n'kupereka. Zinandiwawa mumtima ngati ndamenya munthu womangidwa manja. Ndinamubwezera ndalama ina, ndipo m'malo mwake ndinamuonetsa kapepala kamodzi. Anakawerenga ngati mmene ife timawerengera dzina la basi. Chinyanja ankachilankhula pang'onopang'ono, chaulemu kuposa chathu. Nditamufotokozera vuto langa anati ndizipita kwawo ku Kanjedza Loweruka lililonse masana. Malipiro anakana. Ndinayamba kuwatchula aphunzitsi kuyambira tsiku lomwelo.

Loweruka loyamba tinakhala pakhonde. Anandipatsa kope la masamu, lija la timabokosi, ndi pensulo. Anati zilembozi dzina lake ndi kanji, ndipo chilichonse si mawu a pakamwa ngati a, e, i, koma chinthu chathunthu: phiri, mtsinje, munthu. Tinayamba ndi manambala. Wani ndi mzere umodzi. Thuu ndi mizere iwiri. Fili, itatu. Ndinatsamira pampando ndikuona kuti Chijapani ndachimaliza tiyi asanazizire. Folo anabwera ali bokosi la miyendo m'kati, ndipo ubale wathu unathera pomwepo.

"Zonse zilipo zingati, aphunzitsi?"

"Kuti munthu awerenge nyuzipepala, pafupifupi zikwi ziwiri."

Ine ndinamva ngati mmene ndimamvera mumsika. Wogulitsa akayamba ndi zikwi ziwiri, mumtima amakhala ali ndi mazana asanu.

"Tsitsani pang'ono. Ine nyuzipepala sindiifuna. Makumi atatu."

Anaseka mpaka anavula magalasi. Kenako anatsegula kope lija n'kunena kuti chilembo chilichonse ndichilembe kodzaza tsamba, ndipo mizere yake ili ndi ndondomeko: uwu uyambe, uwu utsatire, kuchokera pamwamba kutsika, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ndikayamba ndi mzere wolakwika, ngakhale chilembocho chituluke chokongola, ankapukusa mutu n'kuloza bokosi lotsatira.

Ndinafunsa kuti zili ndi ntchito yanji, popeza chikatha kulembedwa palibe angadziwe kuti ndinayambira pati. Anati anthu a m'mayadi a magalimoto kwawoko amalemba mothamanga, choko osachinyamula, mizere n'kulumikizana yonse. Amene dzanja lake likudziwa njira imene choko chinadutsa amawerenga. Amene anangoloweza maonekedwe amaona chingwe chopotana. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati awa ndi mawu a wogulitsa, ofanana ndi aja ndimanena ine kuti chitsulo cha ku Japan sichichita dzimbiri.

Chinthu chimodzi chimene anandiphunzitsa ndinachikonda. Anati zilembo zikuluzikulu n'zomanga ndi tizidutswa, ngati injini. Timadontho titatu kumanzere tikaoneka, nkhaniyo nthawi zambiri ndi ya madzimadzi. Lolemba lake ndinazungulira shedi yonse ndikusaka timadontho, ndipo ndinatipeza pachitini cha oyilo ndi pakabotolo ka mafuta a mabuleki. Ndinaitana alamu kuti adzaone. Anayang'ana, n'kunena kuti chitini cha oyilo ngakhale mbuzi ingachidziwe.

Kulemba kuja ndiye kunkanditopetsa. Munthu waima tsiku lonse padzuwa ukukangana ndi makondakitala, ufike kunyumba uyambe kujambula mtengo kambirimbiri ngati mwana wa sitandade wani. Zala zinkachita dzanzi. Mayi a kunyumba ankasuzumira kope n'kufunsa ngati Ajapaniwo akudziwa kuti kuno sopo watha. Loweruka ndiye tsiku la malonda, ine n'kumasiya shedi masana, kukwera minibasi ziwiri, kukakhala pakhonde la eni ndikulemba mtsinje. Sabata yachinayi inakwana tikadali pa moto, madzi, dzuwa, mwezi. Pampu ayi, buleki ayi.

Choncho ndinapeza njira yanga yachidule. Ndinadula makatoni a kushedi kukhala timakadi, mbali ina chilembo, mbali ina tanthauzo, ndipo chilembo chilichonse ndinachipatsa dzina la kwathu. Cha galimoto chinali ngolo yoonera pamwamba. Cha kutsogolo chinali bambo wa nyanga ziwiri. China chinali mayi wosenza mtolo, china mpanda wa kubafa. Ndinkaziloweza mu minibasi, makadi ali m'thumba la shati, ndipo m'masabata awiri ndinali nazo zoposa makumi anayi. Tsamba lodzaza lija ndinayamba kulemba mizere iwiri yokha, kwinako n'kumati pensulo inathyoka.

Njirayo inkagwira ntchito zilembo zikakhala zochepa. Zitachuluka, amayi osenza mitolo anakhala atatu ndipo sindinkadziwanso kuti wa pampu ndi uti. Aphunzitsi anaona. Sanakalipe. Anangotenga makadi anga, kuwayang'ana limodzilimodzi, kuseka pa mpanda wa kubafa, n'kunena kuti makadi ndi abwino kukumbutsa chimene dzanja laphunzira kale, koma okha sangayende.

Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndinapita nditakonzeka. Ndinatenga timapepala ta kushedi todzaza jumbo n'kutikhuthula patebulo.

"Aphunzitsi, masabata atsala asanu ndi limodzi. Mapiri ndi mitsinje tasewera nazo mokwanira. Ndiphunzitseni izi zokha."

"Tifika pamenepo. Masabata atatu enanso a tizidutswa, kenako izi zidzakhala zosavuta."

"Imodzi."

"Atatu."

"Chabwino, tigawane. Awiri, ndipo za ndondomeko ya mizere tizisiye."

"Atatu, achimwene. Si ine ndikukana. Ndi mmene zilili."

Mawu amenewo ndinali nditawamva kwa ogulitsa ambirimbiri, ndipo onse ankatsitsa. Pali chida chimodzi chimene sichinandikhumudwitsepo mumsika uliwonse, kuyambira ku Limbe mpaka ku Mbayani: kunyamuka. Umathokoza mwaulemu, umatembenuka, umayenda pang'onopang'ono osacheuka. Usanaponde kachisanu wogulitsa amaitana, bwerani bwana tikambirane. Ndinatseka kope, ndinabweza timapepala m'jumbo, ndinaimirira.

"Basi aphunzitsi, zikomo kwambiri. Ndaona kuti sitigwirizana. Ndikayesa kwina."

Kwina kwake kuti, mu Blantyre monse? Koma mawuwo amanenedwa choncho.

Ndinatsika masitepe. Ndinadutsa pamaluwa, khutu lili kumbuyo. Ndinafika pageti n'kuwerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Nditaweramuka ndinacheuka mobisa. Anali ataima pakhonde, manja m'mbali, ndipo anawerama mwaulemu wa kwawo, kuwerama kwakukulu ndithu. Kenako anatola makapu a tiyi n'kulowa m'nyumba.

Ndinaima pamsewu kanthawi, ngati munthu amene minibasi yamusiya akukodza. Koma lamulo lachiwiri la kunyamuka ndi lakuti wobwerera yekha waluza, mtengo umakhala womwe uja ndipo ulemu wako watsika. Ndinadziuza kuti njinga yawo idzafuna pulagi ina, adzabwera okha kushedi, tidzayambira pamenepo. Loweruka linadutsa. Linanso linadutsa. Njinga iliyonse ikalira kumsika ndinkatukula mutu. Alamu anafunsa kuti bwanji masiku ano sindikupita kusukulu, ndinati aphunzitsi andipatsa holide chifukwa ndili patsogolo. Loweruka lachinayi ndinameza malovu n'kukwera minibasi.

Anandilandira ngati ndachoka dzulo. Anafunsa za kunyumba, anateleka tiyi. Ndinalephera kupirira.

"Koma aphunzitsi, tsiku lija bwanji simunandiitane?"

Anadabwa zenizeni.

"Munati basi. Ndinaganiza kuti mwatopa, ndipo si bwino kukakamiza munthu wamkulu. Ndinadandaula kwambiri."

"Kunotu munthu akati basi ndiye kuti nkhani yayamba."

"Aa," anatero, akuganiza. "Ndiye pamsika paja ndakhala ndikulipira zambiri."

Tinaseka tonse, koma kuseka kwanga kunali kwa m'mano. Masabata atatu amene ndinkakana aja ndinali nditawataya ndi linanso pamwamba, nditakhala pa injini kudikira kuitanidwa. Anatsala awiri. Tinayesetsa. Anasiya mapiri, tinalowa m'timapepala, ndipo ndinalemba masamba odzaza popanda kunamizira pensulo. Koma mutu wa munthu wa zaka zanga si thumba loti ungopakiramo tsiku la ulendo.

Kontena inafika Lachitatu m'mawa, kukutentha kale. Tinatsitsa makatoni mpaka shedi inadzaza, ena panja. Alamu anakhala pampando wawo, ine ndinagwada pakati pa zitsulo. Timapepala tochepa tosindikiza ndi makina ndinatitha: kumanja, kumanzere, kutsogolo, oyilo, madzi. Ndinaika pambali mwina zida khumi ndi zisanu, ndikutchula mokweza kuti anthu amve. Zotsalazo, mulu wonse, zinali zolemba pamanja ndi choko chachikasu, mothamanga, mizere yolumikizana. Ndinatembenuza kapepala kena uku ndi uku. Munalibe ngolo, munalibe mayi wosenza mtolo. Pena ndinkaona ngati dzanja langa likufuna kukumbukira njira, pa zilembo zija ndinalemba mokhulupirika masabata oyamba, koma zimenezo zinali moto ndi mwezi, ndipo palibe amene anatitumizira mwezi.

Ndinanyamula pampu ina, ndinayendetsa chala pachoko paja, ndinakonza kukhosi.

"Apa alemba kuti..."

"Alamu," anatero motsitsa, "nkhope imeneyo ndi imene ndinakulemberani ntchito. Musandigulitse nayo ine."

Ndinaibweza pansi pampuyo.

Sanandithamangitse pamaso pa anthu. Tinamaliza kulowetsa katundu, anagula chimanga chootcha tinadya limodzi, ndipo pamene tinkakhoma loko anati mphwawo ayamba Lolemba. Anawonjeza kuti ali ndi mnzawo ku Limbe amene ali ndi mabelo a nsapato za kaunjika ndipo akusowa munthu wodziwa kulankhula. Ndinathokoza. Kiyi wanga wa shedi ndinamuchotsa pakachingwe n'kuwapatsa, iwo anamuika m'thumba osamuyang'ana.

Ndinatsika wapansi kudzera kumbuyo kwa msika, manja akuda ndi gilizi wa ku Japan. Kunyumba ndinapeza mayi akuanula zovala. Anandiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kupinda.

"Ndiye Lolemba mukulowera kuti?"

"Ku Limbe. Nsapato."

"Mudzuke m'mawa. Minibasi za ku Limbe zimadzaza msanga."