Nsapato zanga za nsungwi

Chaka chimene ndinkamaliza sukulu ya m'mudzi, kwathu cha ku Namitete, ansembe a ku mishoni anati ana asukulu tikwere nawo phiri kukaimika mtanda. Unali mwezi wa Julaye, kukumacha udzu utayera ndi chisanu. Ulendowo unali Loweruka. Lolemba lake ndinayenera kuyenda mtunda wautali kukalemba mayeso olowera sukulu ya pa mishoni, ndipo pa sukulu yathu anasankha ine ndekha.

Vuto linali phazi. Amayi anali atandizula matekenya ku chidendene, ndipo panatsala kadzenje kosapola.

Ansembewo anali mzungu. Kwawo, akuti, chisanu chimagwa ngati ufa mpaka kulekeza m'chiuno. Tsiku lina anationetsa nsapato zoyendera pa chisanucho, zazikulu ngati lichero, zolukidwa ndi zingwe za chikopa. Anzanga anafa nazo kuseka, koma ine ndinayang'anitsitsa kalukidwe kake. Kunyumba ndinapinda nsungwi, n'kuluka luzi pakati, pa chidendene n'kuyalapo kachikopa ka mbuzi. Zanga zinali zongokwana phazi. Sindinkafuna kutchena, ndinkangoteteza chilonda.

M'mawa wa Loweruka, ansembe asanafike, aphunzitsi athu anandiona. M'mudzi monse wovala nsapato anali iwo okha.

"Iwe, wavala chiyani? Wasanduka mzungu eti?"

"Ndi chilonda, aphunzitsi."

"Chilonda chikudziwa mwambo? Mwana wasukulu kuvala nsapato pamaso pa Abambo! Ine ndinayamba kuvala nditalandira setifiketi. Vula!"

Ndinavula, n'kupereka ndi manja awiri. Anaziponya m'thumba lawo.

Tinakwera mosinthana kusenza mtanda. M'tsinde mwa phiri azimayi anali atamweta udzu wofolerera, ndipo ziputu zake zinali zakuthwa ngati misomali. Poyamba sindinamve kanthu chifukwa mapazi anachita dzanzi ndi kuzizira. Dzuwa litakwera m'pamene ndinaona kuti pa mwala uliwonse ndikusiyapo magazi. Aphunzitsi anali patsogolo, nsapato zawo zili gwa gwa gwa, akutiimbitsa nyimbo.

Pamwamba mphepo inkalasa mpaka m'mafupa. Titaimika mtanda ndi kupemphera, aphunzitsi anapisa dzanja m'thumba. Mtima unakhala pansi, ndinati tsopano andibwezera kuti nditsikire. Koma anapita nazo kwa ansembe.

"Abambo, taonani ntchito ya manja imene timaphunzitsa pa sukulu yathu."

Ansembe anazitembenuza uku ndi uku, akuseka mokondwa. "Zokongola! Waluka ndani?"

"Ana onse mothandizana, ine ndikuwalangiza."

Ana onse! Omwewo amene anaseka! Ansembe anati akazipachika kuchipupa pambali pa zawo. Kenaka anandiyang'ana, ine nditabisa phazi kumbuyo kwa linzake.

"Mwanawe, kodi ukutsimphina?"

Ndinayang'ana aphunzitsi. Sanandiopseze n'komwe, anangokweza nsidze.

"Iyayi, Abambo. Ndi kuzizira chabe."

Lamulungu phazi linatupa ngati dzungu. Lolemba ndinanyamukabe ndi ndodo, koma ndinalekeza pa mtsinje, ndipo amalume anachita kundibereka pobwerera. Mayeso anapita. Ku mishoni aphunzitsi anakanena kuti ndinachita mantha. Chilondacho chinapola mvula itagwa kale, ine ndili ndi khasu m'manja.

Patapita zaka ndinaperekeza mlongo wanga ku mishoni kukalembetsa ukwati. Nsapato zanga zinali kuchipupa, luzi litauma, pansi pake pali kapepala kolembedwa dzina la sukulu yathu. Kachikopa kaja kanali koyera bwino, kopanda ngakhale dontho la magazi.

Aphunzitsi aja anthu amawakumbukira ndi ulemu, ndipo ine sinditsutsa pagulu. Koma chisanu chikayamba chidendene chimandiwawa, ndipo ndimapsa mtima ngati zachitika dzulo. Munthu wamkulu, wa nsapato kuphazi, kulanda nsungwi za mwana! Ndimapseranso mtima mwanayo. Anafunsidwa funso limodzi lokha, magazi ali pamwala poonekera, iye n'kuyankha mwaulemu kuti ndi kuzizira chabe.